Phala la pa Tebulo Lachinayi

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, chifukwa mwa anthu amene tinakwera basi imodzi kupita ku Joni, ena anabwerako ali m'bokosi, koma ine ndinabwerako ndi miyendo yangayi. Ndithokozenso Rozina, mayi wa ku Milanje amene anandiphunzitsa ntchito, kaya ali kuti lero, Ambuye amusunge. Ndayamba choncho kuti musandiyese munthu wosayamika mukamva zotsatirazi, pakuti nkhani yeniyeni ndi ya munthu wina amene ndinamusungira mkwiyo zaka zambiri, ndipo sindikubisa. Dzina lake ndi Layisoni, wa pa Chinakanaka.

Bambo a ana anga atamwalira ndinatsala ndi atsikana awiri ndi dengu la tiyi kumsana. Ndinkatchola tiyi ku esiteti, ntchito yoti mvula ikagwa amakufuna, chilimwe chikafika amakuiwala. Tonse tinkakhala ndi amayi anga kufupi ndi Thuchila, m'nyumba yaudzu imene mvula ikabwera tinkayala mbale ndi mabeseni pansi ngati tikugulitsa pamsika. Chaka china pa Khirisimasi Layisoni anabwera kuchokera ku Joni atavala nsapato zosongoka, n'kudzatiyendera. Mayi ake ndi amayi anga ankapemphera mpingo umodzi, ndiye iye kwathu ankalowa ngati mwana wa pakhomo. Anatiuza kuti kukampani kwawo akufuna amayi a manja opepuka, poti amuna akungothyola zinthu. Anati munthu wodziwa kutchola masamba awiri ndi kansonga osavulaza mtengo, ntchito ya makompyuta sangailephere. Ine ndinaseka, chifukwa kompyuta ndinali nditangoionera pawindo la ofesi ya ku esiteti.

Amayi anandilola kupita chifukwa wonditenga anali Layisoni. Muwadziwe amayi anga: ndi munthu woti akatola singano panjira amayenda nayo khomo ndi khomo kufunsa mwini wake. Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pa siteji, atandimangira kalongonda wophika m'kachitini. Sanalire. Minibasi itaima anangoti, "Ana ndikusungira. Iwe ukasunge manja ako."

Za ulendo sindinena zambiri. Ndikukumbukira kutentha kwa ku Tete, miyendo yotupa, ndi mayi wina wa ku Phalombe amene analira njira yonse chifukwa anasiya mwana woyamwa.

Ku Joni tinkagona m'galaja ya galimoto kuseri kwa nyumba ya munthu, amayi asanu ndi mmodzi, titagawa zipinda ndi nsalu zopachika pa chingwe. Ndinkadziyesa wodziwa kuzizira poti ndinakulira pansi pa phiri, m'chiperoni. Kuzizira kwa kumeneko n'kwina, kouma, kong'amba milomo. Mbaula yamagetsi inali imodzi, tinkaphika mosinthana, wina akuothera manja pamwamba pa poto wa mnzake. Tinkakangana za sopo, za amene wasiya mpopi ukudontha, koma wina akadwala tinkamusambitsa ndi kumudyetsa ngati mwana wathu. Lamulungu tinkayenda limodzi kupita ku tchalitchi cha Amalawi chimene chinkasonkhana m'kalasi ya sukulu ina, ndipo kumeneko tinkaimba mpaka kuiwala kuti tili kwa eni.

Kuntchito kunali chishedi chachikulu chodzaza makompyuta akale ochokera m'maofesi, osanjikizana ngati njerwa za pa uvuni. Mwini wake anali bwana wina wosalankhulalankhula. Iye ankawagula, ife n'kuwakonza, iye n'kukagulitsa m'masukulu. Layisoni ndiye anali kapitawo. Osati chifukwa chodziwa ntchito, ayi, sikuludiraiva ankaigwira ngati mpini wa khasu. Koma Chingerezi chinali pakamwa, ndipo makiyi a sitolo anali m'thumba mwake.

Mwezi woyamba ndinkangosesa ndi kupemerera fumbi. Tsiku lina ndikusesa ndinang'ung'udza nyimbo ya Chilomwe imene amayi ankaimba posinja, ndiye mayi wa pa tebulo lachitatu anatembenuka n'kuimaliza. Ameneyo ndiye Rozina. Kwawo n'kutsidya kwa malire, koma phiri limene ine ndimalionera kutsogolo iye ankalionera kumbuyo. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kunditcha mana, ndiye kuti chemwali m'kalankhulidwe ka kwawoko, ndipo pa nthawi ya nkhomaliro ankandikhazika pambali pake n'kumandionetsa zam'kati mwa kompyuta.

Anandionetsa kachitsulo kakang'ono ka ngodya zinayi, kophwatalala, kukula kwake ngati bokosi la machesi, dzina lake purosesa. Anati kameneka ndi kamene kamaganiza, ndipo kakamaganiza kamatentha kuposa chiwaya. Pamwamba pake pamakhala chitsulo china cha mano ambirimbiri, ife tinkachitcha chipeso, ndi fani yochipemerera. Ntchito ya chipeso ndi kuyamwa kutenthako. Tsono zitsulo ziwirizi ukaziona ndi maso n'zosalala, koma Rozina anati zili ndi timaenje tosaoneka, ndipo m'timaenjemo mukatsala mpweya kutentha sikuwoloka. N'chifukwa chake pakati pake pamaikidwa phala lotuwa, lobwera m'majakisoni opanda singano. Azungu ali ndi dzina lake, ife tinkangoti phala. Ndinamvetsa msanga, chifukwa n'chimodzimodzi kuzira pakhonde: dothi lake si lomangira chipupa, n'lotseka ming'alu basi.

Koma kumvetsa kwa mutu n'kwina, kwa dzanja n'kwinanso. Tsiku loyamba kundipatsa jakisoni ndinafinya ngati ndikupaka chiponde pa buledi wa mwana wodwala, mpaka phala kutulukira m'mbali. Rozina anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mana, kameneka si kamwana kamasiye. Njere imodzi ya nandolo, basi. Chikondi chikachuluka kamafa."

Anandiphunzitsa kupukuta phala lakale ndi kansalu konyowetsa sipiriti mpaka chitsulo chiwale, osachikhudzanso ndi chala. Anandiphunzitsa kumanga masikulu anayi modumphadumpha, ngodya iyi kenako yoyang'anizana nayo, pang'onopang'ono, kuti chipeso chikhale pansi mofanana. Anati phala likauma limagwira ngati simenti, choncho kompyuta yakale usamaichotse chipeso ili yozizira. Uyambe waiyatsa kuti ifunde, kenako upotokole mofatsa monga timathyolera chinanazi. Ukakoka ndi mphamvu purosesa imazuka pamodzi ndi chipeso, ndipo timiyendo take tagolide, toonda ngati tsitsi, timapindika. Amuna a m'shedimo ankatipinda kawirikawiri, ndiye Rozina ankatiwongola kamodzikamodzi ndi singano yosokera, atagwira mpweya. Izinso anandiphunzitsa, ndipo pomaliza ndinamuposa, iye mwini anavomera.

Kenako anandipatsa tebulo langalanga, lachinayi. Kompyuta iliyonse yotuluka m'manja mwa munthu tinkaimata m'kati kapepala ka nambala ya tebulo lake. Rozina phala lake ankaika kadontho pakati. Ine ndinapeza njira yanga: timizere tiwiri toonda, kuchokera ngodya kufika ngodya, todutsana pakati. Mtanda. Ndinkati makompyutawa akupita kwa ana a sukulu ngati anga, ndiye polemba mtandawo ndinkanena kapemphero kakafupi mumtima. Rozina ankandinyogodola kuti makompyuta a tebulo lachinayi amatuluka obatizidwa kale. Koma anaona yekha kuti ukatsitsa chipeso, kadontho kamafalikira mozungulira ngati chitumbuwa, ngodya n'kutsala, pamene mtanda umafika ngodya zonse zinayi. Munthu wodziwa akatukula chipeso amazindikira dzanja limene linadutsapo.

Zaka zimenezo ndinali wokondwa, ndisaname. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kwathu. Kumudzi anaumba njerwa, anawotcha, nyumba inakwera mpaka malata. Mwana wanga wamkulu, Tiyamike, ananditumizira chithunzi pafoni: amayi ataima pakhomo la nyumba yatsopano, atavala duku la kutchalitchi, osamwetulira monga mwa chizolowezi chawo, koma chibwano chili m'mwamba. Chithunzi chimenecho ndinaonetsa galaja yonse, ndi Rozina, ndi mlonda wa pageti yemwe.

Mavuto anayamba bwana atapeza oda yaikulu ya masukulu. Layisoni anati tizigwiranso Lamulungu. Ine ndinakana, ndinati masiku asanu ndi limodzi ndi a kampani, lachisanu ndi chiwiri lili ndi mwini wake. Rozina nayenso tsiku limenelo ankakachapa zovala kunyumba ya anthu ena. Ndiye Lamulungu lililonse Layisoni ankatola aganyu pamsewu n'kudzitsekera nawo m'shedi. Lolemba tikabwera tinkapeza mulu wa makompyuta oikidwa kale m'makatoni. Ndinkaona kuti timapepala tanga ta nambala tikutha msanga, koma ndinkati kaya ndi mbewa. Uchitsiru wanga unali umenewo.

Patapita miyezi ingapo makompyuta anayamba kubwerera. Tsiku lina inafika lole yodzaza. Aphunzitsi ankadandaula kuti kompyuta ikangoyaka pang'ono fani imalira ngati chigayo, kenako n'kuzima yokha. Bwana anatsegula asanu pa tebulo langa. Onse anali ndi nambala yanga.

Ndinatukula chipeso choyamba. Pansi pake panalibe phala lotuwa. Panali zoyera, zouma, zoyoyoka ngati laimu wa pachipupa, ndipo fungo lake ndinalidziwa nthawi yomweyo: mankhwala otsukira mano. Ndiponso chidindo chake chinali chozungulira. Ndinatukula chachiwiri, chimodzimodzi. Mtima unakhala pansi, ndinati Mulungu wandiyankhira, umboni ndi uwu. Ndinaloza ndi chala n'kunena m'Chichewa kuti ili si dzanja langa, langa limafika m'ngodya, atsegule kompyuta ina iliyonse imene ndinakonza pakati pa sabata aone.

"Achemwali, khalani chete," anatero Layisoni mofatsa, ngati mbale weniweni. "Mukalankhula inu ziipiraipira. Ndikulankhulirani ine."

Anayamba Chingerezi chake. Akulankhula choncho anatola kansalu kanga, n'kukanyowetsa sipiriti, n'kumapukuta. Purosesa yoyamba, chipeso chake, yachiwiri, mpaka yachisanu, osafulumira, ngati munthu wongofuna kuthandiza. Ine ndili chiimire kuonerera umboni wanga ukulowa m'kansalu. Makompyuta otsala a m'lole anawatsekera m'sitolo, makiyi m'thumba. Ndinayang'ana kwa Rozina. Anali ataweramira tebulo lake. Analibe mapepala okhalira m'dzikomo, ngati ine ndemwe, ndipo kwawo anasiya ana atatu. Sindinamusungire kanthu, ngakhale tsiku limodzi.

Rozina yemweyo ndi amene anadzandiuza zimene Layisoni ananena, poti iye Chingerezi ankachimvako. Anauza bwana kuti ndavomera. Anati majakisoni enieni ndinkawabisa m'chikwama cha kutchalitchi n'kukagulitsa kwa okonza makompyuta m'tauni, ndipo ndikupempha chifundo poti ndine mayi wamasiye. Bwana anati sanditengera kupolisi, koma asandionenso pageti.

Ndinayesa maganyu ochapa ndi kusita kwa miyezi ingapo. Sizinayende. Tsiku lokwera basi Rozina anajomba kuntchito kuti andiperekeze. Anandigulira malalanje, n'kundigwira manja onse awiri n'kunena kuti mana, manja awa ine ndimawadziwa. Sindinamuonenso.

Ndinatsika pa Thuchila masana, ndi chikwama chimodzi ndi bulangete limene ndinawagulira amayi. Ana anandithamangira, atatalika moti wamng'onoyo ndinachita kumuyang'ana kawiri. Nyumba ya malata inali pomwepo, yokongola kuposa pa chithunzi. Koma amayi sanatulukire m'menemo. Anatulukira m'khitchini yaudzu ya kuseri, atawerama, ndipo nditawapatsa moni anangondiyang'ana pakamwa. Tiyamike anandinong'oneza kuti agogo makutu anatha, kuti amve uyenera kukuwa pafupi. Anandiuzanso zinazo. Layisoni anaimba foni kwa mkazi wake, mkazi wake n'kufikitsa nkhani kwa amayi potuluka m'tchalitchi, pamaso pa amayi anzawo. Anati mwana wanu wagwidwa akuba kuntchito, koma amuna anga anamugwadira bwana kuti asamangidwe. Amayi anagwira nkhuku yawo yoikira n'kukapereka kwa mkaziyo, kuthokoza. Atabwerako anakulunga mphasa yawo n'kusamukira m'khitchini.

Ndinagwada pafupi ndi khutu lawo n'kukuwa nkhani yonse, ya mtanda, ya ngodya zinayi, ya kansalu. Tangoganizani kufotokozera munthu wamkulu amene sanaonepo m'kati mwa kompyuta za chidindo cha phala, uku ukukuwa, anthu a kumjigo akumva. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Layisoni aname chifukwa chiyani? Si amene anakutenga?" Kenako anati, "Ana agone m'menemo, alibe mlandu. Ine pansi pa malata akuba sindigona."

Bulangete analikana.

Ndinabwerera ku dengu la tiyi. Chaka ndi chaka ndinkamweta udzu n'kufolera khitchini ija, nyumba ya malata ili poteropo, chipinda cha amayi chili chosesa, chopanda munthu. Udzu wa masiku ano ndi wochepa, umadontha. Chiperoni chikabwera amayi ankatsokomola mpaka kugwira nthiti, ine ndikumva ndili pouma. Mantha anga anali amodzi: kuti adzafera m'khitchini muja akudziwa kuti anabereka wakuba.

Amayi busa anandiyendera kangapo kundiuza kuti ndikhululuke, ndimusiye m'manja mwa Mulungu. Ndinkavomera ndi pakamwa. Koma pemphero langa la tsiku ndi tsiku ndilinena pano, Ambuye analimva kale. Ndinkati: Atate, Layisoni musamutenge. Galimoto za ku Joni zimuphonye, mipeni ya achifwamba imuphonye, malungo asamuyandikire. Mumusunge wamphumphu, lilime lake lili m'kamwa, mumubweretse kuno amayi anga akadali moyo. Palibe munthu amene anapemphereredwa moyo wautali ndi mtima wakuda ngati mmene ndinamupempherera ine.

Ndipo anabwera. Ena amati kampani inatsekedwa, ena amati zake zinaululika, ine sindinafunse. Anatsegula kashopu pa Chonde, makompyuta atatu ndi makina osindikizira, n'kumalembera anthu makalata ndi kuwathirira nyimbo m'mafoni. Tikakumana pa maliro ankandipatsa moni wa manja awiri, achemwali muli bwanji, ine n'kuyankha bwinobwino. Tsiku lina la msika, mu Juni, ndinaima pakhomo pa shopuyo ngati ndikubisala mphepo. Sindinalowe. Ndinangomvetsera. Mafani onse atatu ankalira mokakamira, kunja kukuzizira chonchija. Ndinadziwa kuti phala la m'menemo linauma kalekale. Ndikanatha kumuuza. Ndinagula tomato wanga n'kubwerera, n'kuyamba kudikira Okutobala monga mlimi amadikirira mvula.

Dzuwa la Okutobala litafika, Layisoni anali atalandira ntchito yolemba ndi kusindikiza mayeso a masukulu angapo a m'dera lathu. Makompyuta anayamba kuzima okha mafunso ali pakati. Iye poti ankationa ife tikugwira, anati ndi zazing'ono. Anakagula phala ku Limbe, anatsegula kompyuta yoyamba m'mawa ili yozizira, n'kukoka chipeso ngati akuzula chinangwa. Purosesa inazuka, timiyendo n'kupindika. Sanaphunzirepo kanthu, yachiwiri anaichitanso chimodzimodzi. Yachitatu anaiopa, ndipo inkayaka nthawi yongokwanira kulemba funso limodzi. Okonza a ku Limbe anamuuza kuti mapurosesa a mtundu wakalewo sapezekanso. Mayeso anali Lachitatu, ndipo aphunzitsi aakulu a masukuluwo anayamba kusinthana pa benchi la pakhomo pake. Zonsezi ndinkazimvera m'munda wa tiyi, pakuti nkhani ya munthu wonyada siidikira minibasi.

Layisoni anayamba watuma mkazi wake kwa ine ndi paketi ya shuga. Ndinamulandira bwino, ndinamuyalira mkeka, shuga n'kumubwezera. Ndinati mwini vuto ali ndi miyendo.

Anabwera Loweruka masana pa njinga yamoto ya kabaza, atavala shati yoyera. Amayi anali pansi pa mtengo wa mapeyala akusenda nandolo, ine ndili pakhonde. Anakhala pa mpando n'kuyamba kuzungulira, za kutentha, za feteleza, za msewu. Kenako anati akukhulupirira kuti singano ndimaidziwabe, ndipo chilichonse chimene ndinganene achita.

"Achemwali, zakale zija zinapita. Tonse ndife ana a Mulungu."

"Zinapita kuti, achimwene? Zimagona m'khitchini umo, pa mphasa."

Ndinamuuza chimene ndikufuna: akawauze amayi amene anaika mankhwala a mano m'makompyuta, ndi amene ankagulitsa phala. Anayang'ana uku ndi uku, n'kupempha kuti tilowe nawo m'nyumba, nkhani za pabanja sizikambidwa pabwalo. Ndinamukumbutsa kuti m'nyumba imeneyo amayi salowa, ndipo chifukwa chake akuchidziwa.

Anapita n'kunjuta pamaso pawo. Analankhula motsitsa, maso ali pa nsapato. Amayi anamuyang'ana pakamwa, kenako anayang'ana ine.

"Akuti chiyani mwanayu?"

Ndinati ine si womasulira, womasulira ndi iyeyo. Anakweza mawu pang'ono n'kunena kuti ku Joni kuja panali kusamvetsetsana, mwina achemwali sanalakwe kwenikweni. Ine ndinaimirira n'kukuwira wakabaza kuti alize njinga, bwana wake wamaliza. Layisoni anatukula dzanja kuti dikirani. Thukuta linali litadutsa shati. Amayi atatu ochokera kumjigo anali ataima pampanda zidebe zili pamutu, ndipo panalibe woganiza zotula kapena zopitirira.

"Mwana wanu sanabe, amayi."

"Kweza mawu. Makutu anapita."

"Mwana wanu sanabe. Phala lija ndinkagulitsa ndine."

"Ndani?"

"Ine, Layisoni! Ndinaika mankhwala a mano, ndinamata nambala yake, ndinamunamizira kwa bwana!"

Agalu a kwa aneba anauwa. Wakabaza anazimitsa nyimbo ya pafoni yake kuti amve bwino. Amayi anamuuza kuti abwerezenso, ndipo anabwereza, mawu atasasa. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti anali atamva kale.

Anapitiriza kusenda nandolo mpaka wa m'dzanja mwawo atatha. Ine sanandiyang'ane. Kenako analoza khitchini ndi chibwano n'kuuza Layisoni kuti alowe akatenge mphasa yawo, ndi mtolo wa zovala, ndi ndodo. Analowa chowerama, n'kutuluka mwaye uli pa shati yoyera ija, mphasa ili paphewa. Anadutsa bwalo lonse amayi a zidebe aja akumuperekeza ndi maso. Amayi anga anamutsatira pambuyo pang'onopang'ono, ine nditawagwira mkono.

Atayala mphasa m'chipinda, Layisoni anandifunsa ngati tinganyamuke pompano, njinga ilipo. Ndinati lero ndili ndi mlendo m'nyumba, ndipo mawa ndi Lamulungu. Ndibwera Lolemba.

Lolemba ndinapitadi, pakuti ana a sukulu sanandilakwire. Ndinakhala pa zenera ndi singano yanga, aphunzitsi awiri akuonerera. Purosesa imodzi ndinaiwongola timiyendo tonse. Inayo kamwendo kamodzi kanali katathyoka kale, ndinamuuza kuti imeneyo anaipha yekha, akaikwirire. Kompyuta yachitatu ndinaiyatsa kuti ifunde, ndinapotokola chipeso, ndinapukuta, ndinaika phala, ndinamanga masikulu. Mafani anatsitsa mawu mpaka m'shopumo kumveka ntchentche. Mayeso anasindikizidwa, ana analemba.

Koma ndibwerere ku Loweruka lija. Anthu atabalalika ndinalowa m'chipinda. Amayi anali atakhala pa mphasa, atawongola miyendo, akuyang'ana malata m'mwamba, limodzilimodzi. Pepani sananene, mawu amenewo amayi anga sanawanenepo kwa munthu. Anangogwira dzanja langa, n'kulitembenuza, n'kumasisita ming'alu ya tiyi ya m'zala ndi chala chawo chachikulu, nthawi yaitali, ine misozi ili mbwembwembwe. Kenako analankhula mokweza, monga amalankhulira anthu osamva.

"Mwana uja akadzapondanso pano, mpando mumupatse. Koma madzi akumwa asalandire pakhomo pano ine ndili moyo."

Ndinati chabwino amayi. Chichokereni tsiku limenelo wapondapo kawiri, atanyamula kompyuta, dzuwa lili pamutu, ndipo mpando tinamupatsa. Amayi akadali moyo, akudya bwino, ndipo m'mawa uliwonse ndimagwada n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo.